Kutentha Lundy: mwambo wa ku Londonderry ndi mantha a Apulotesitanti a ku Ulster

Loweruka loyamba la Disembala chaka chilichonse, mumzinda wa Londonderry ku Northern Ireland mumachitika mwambo wotentha chidole. Amuna a bungwe la Apprentice Boys of Derry, atakoleka nsalu zofiira m'khosi, amaguba m'misewu ya m'kati mwa linga ndi magulu a ng'oma ndi zitoliro, amakapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Columb's, ndipo kukamachita chisisira amayatsa chidole chotalika mamita oposa asanu mumsewu wa Bishop Street. Chidolecho amachiveka ngati mkulu wa asilikali wamakedzana, ndipo pachifuwa amachikoleka chikwangwani chonena dzina lake ndi mlandu wake: Lundy, wachiwembu. Robert Lundy adali bwanamkubwa wa mzindawu mu 1689. Sadali Mkatolika, kwawo kudali ku Scotland, ndipo adali atalumbira kutumikira mfumu yomweyo imene omutenthawo amailemekeza. Apulotesitanti a ku Ulster ali ndi adani ambiri m'mbiri yawo, koma patsikuli amene amamutentha ndi mnzawo.

Nkhaniyi idayambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1600. Ulster, chigawo cha kumpoto kwa chilumba cha Ireland, ndiye adatsalira kugonja kwa Angerezi. Mafumu ake akuluakulu, Hugh O'Neill ndi Rory O'Donnell, atathawa m'dzikomo mu 1607, boma la Mfumu James I lidalanda minda yawo, ndipo kuyambira mu 1609 lidayamba kukhazikamo anthu ochokera ku Scotland ndi ku England. Ochokera ku Scotland ambiri adali a mpingo wa Presbyterian, mtundu womwewo wa mpingo umene patapita zaka zambiri udatumiza amishoni ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Ochokera ku England adali a Anglican. Eni nthaka adali Akatolika. Mabungwe a amalonda a ku London adapatsidwa dera la m'mbali mwa mtsinje wa Foyle. Pamalo a Derry wakale adamangapo tauni yatsopano, mu 1613 adaitcha Londonderry, ndipo adaizinga ndi linga la miyala lozungulira mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, lokhala ndi zipata zinayi. Lingalo lilipobe. Dzina nalonso likadali pa mkangano: Akatolika amati Derry, Apulotesitanti ambiri, makamaka polankhula za ndale, amati Londonderry.

Obwerawo adakhala pakati pa anthu omwe adalandidwa minda. Ankawalemba ntchito, kuwabwereketsa malo olima ndi kugula nawo malonda pamsika umodzi. Mu Okutobala 1641 eni nthaka adaukira. Ku Portadown, Apulotesitanti pafupifupi 100 adawakankhira mumtsinje wa Bann kuchokera pa mlatho, ndipo m'madera ena mabanja adawavula zovala n'kuwathamangitsa m'nyengo yozizira. Akatswiri a mbiri amayerekeza kuti ophedwa mwachindunji adali pafupifupi 4,000, ndipo ena ambiri adafa ndi chisanu ndi njala. Timabuku tosindikizidwa ku London tidakweza chiwerengerocho kupitirira 100,000. Chimene chidakhazikika m'mitima si chiwerengero ayi, koma mbiri yoti wokupha adali wantchito wako kapena woyandikana naye amene dzulo lake mudapatsana moni. Akatolika nawo ali ndi zawo zokumbukira, makamaka kuphedwa kwa anthu ku Drogheda pamene Oliver Cromwell adabwera kudzabwezera mu 1649. Mbali iliyonse idasunga maliro ake, n'kuiwala a inzake.

Mantha a 1641 adabuka mwatsopano James II, yemwe adali Mkatolika, atalowa ufumu mu 1685. Woimira wake ku Ireland, Richard Talbot, yemwe ankadziwika kuti Tyrconnell, adachotsa Apulotesitanti m'gulu lankhondo ndi m'maudindo n'kuikamo Akatolika. Mu Novembala 1688 William wa ku Orange, Mpulotesitanti wa ku Netherlands amene adakwatira mwana wa James, adafika ku England kudzalanda mpando. Kumayambiriro kwa Disembala, kalata yopanda dzina idatoledwa ku Comber m'dera la Down, yochenjeza kuti pa 9 Disembala Apulotesitanti onse aphedwa. Kalatayo idali yabodza, koma idafika ku Londonderry nthawi imodzi ndi uthenga woti asilikali Achikatolika a Earl wa ku Antrim akubwera kudzakhala mumzindamo. Akuluakulu a mzinda adazengereza. Bishopu Ezekiel Hopkins adalangiza kuti asilikali a mfumu sakanizidwa kulowa. Akuluakuluwo akadakambirana, pa 7 Disembala anyamata 13 ophunzira ntchito zamanja adalanda makiyi, adakweza mlatho wa pachipata cha Ferryquay n'kutseka zipata zonse. Bungwe la Apprentice Boys lidatenga dzina kwa anyamatawa, ndipo phunziro limene limatolapo n'lakuti anthu wamba adachita chimene atsogoleri adachiopa.

Lundy adalowa m'nkhaniyi patangopita masiku ochepa. Mzinda udavomera kulandira asilikali ochepa Achipulotesitanti okhaokha, ndipo iye ndiye adaikidwa kukhala mkulu wawo. Adali msilikali wodziwa ntchito, amene adamenyapo nkhondo ku Tangier kumpoto kwa Africa. Adakonza malo ogumuka a linga, adamanga chotchinga kutsogolo kwa chipata cha Bishop's Gate, ndipo mu Malichi 1689 adalumbira kutumikira William ndi mkazi wake Mary. Koma adalumbirira m'chombo, pamaso pa anthu ochepa, ndipo zimenezi zidayambitsa manong'onong'o. Adalamulanso kuti asilikali achoke m'matauni ang'onoang'ono akutali n'kusonkhana ku Londonderry, ndipo othawa nkhondo amene adasiya nyumba zawo sadamukhululukire. Pa 15 Epulo ankhondo ake adagonja mochititsa manyazi pa madooko a ku Lifford ndi Clady, iye n'kukhala m'gulu la oyamba kubwerera kulinga. Tsiku lomwelo zombo zochokera ku England zidafika ndi magulu awiri a asilikali otsogozedwa ndi Cunningham ndi Richards. Pamsonkhano wa akuluakulu ankhondo Lundy adanena kuti mzindawo sungalimbe ndipo chakudya sichifika patali, motero zombozo zidabwerera ndi asilikali ake.

Pa 18 Epulo James mwini wake adafika pafupi ndi Bishop's Gate, ali ndi chikhulupiriro choti amutsegulira. Adamulandira ndi mizinga ndi mfuu yoti "Sitigonja!", ndipo ena mwa omuperekeza adafera pomwepo. Mkulu wa asilikali apakavalo, Adam Murray, adali atakopa kale anthu kuti akane maganizo a bwanamkubwa. Lundy adadzitsekera m'nyumba, ndipo patapita usiku umodzi kapena uwiri adazemba atavala ngati msilikali wamba, atasenza mtolo wa zingwe zoyatsira mfuti. Nthano ya mumzindamo imati adatsika linga pogwira nthambi za mtengo wa zipatso umene udamera m'mbali mwake. Utsogoleri udapita kwa Henry Baker ndi wansembe wa Anglican, George Walker.

Mzinda udazingidwa masiku 105. M'kati mwa linga laling'onolo mudadzaza anthu pafupifupi 30,000, ambiri mwa iwo othawa kumidzi. Ankhondo a James adalibe mizinga yokwanira kugumula linga, choncho adadalira njala ndi matenda. Adatchinga mtsinje wa Foyle ndi mitengo yolumikiza ndi maunyolo kuti zombo zisadutse. Walker adalemba mitengo ya zakudya m'masiku omaliza: mphaka mashilingi 4 ndi mapeni 6, mutu wa galu mashilingi 2 ndi mapeni 6, khoswe shilingi imodzi, mbewa mapeni 6. Kwa anthu a kumeneko mbewa si ndiwo, ndipo kuigula ndi ndalama kudali kufika pamapeto. Ena ankatafuna zikopa zothira mchere ndi mafuta opangira makandulo. Kumayambiriro kwa Julaye mkulu wankhondo wotumidwa ndi France, Conrad de Rosen, adakusa Apulotesitanti a m'midzi yozungulira n'kuwaimika pansi pa linga kuti abale awo am'kati agonje powamvera chisoni; am'katiwo adaimika mtengo wopachikirapo akaidi, ndipo de Rosen adawamasula anthuwo. Chipolopolo cha mzinga chimene chidaponyedwa mumzinda chili ndi kalata ya mfundo zogonjera m'kati mwake chikusungidwabe m'tchalitchi cha St Columb's. Baker adamwalira ndi matenda, ndipo John Mitchelburne amene adalowa m'malo mwake adakweza mbendera yofiira pamwamba pa tchalitchicho. Nsalu zofiira za Apprentice Boys zidachokera pamenepo. Anthu masauzande angapo adafa, ambiri ndi malungo ndi kamwazi.

Mbali ya nkhaniyi imene anthu akunja saidziwa kwenikweni ndi ya zombo zachipulumutso. Percy Kirke adafika nazo kumathiriro a Foyle pakati pa Juni, zitadzaza chakudya, ndipo anthu anjala ankaziona ali pamwamba pa tchalitchi. Kirke adaona chotchinga cha pamtsinje, adati n'chosadutsika, ndipo adadikira pafupifupi milungu isanu ndi umodzi. Atalandira lamulo lomukakamiza, pa 28 Julaye chombo cha Mountjoy chidagunda chotchingacho, woyendetsa wake Michael Browning n'kuwomberedwa, ndipo icho ndi chinzake cha Phoenix zidakocheza padoko usiku womwewo. Patapita masiku atatu ankhondo a James adatentha misasa yawo n'kuchoka. Masiku onsewa ndi a kalendala yakale, n'chifukwa chake zikumbutso zidadzakhazikika pa 18 Disembala ndi pa 12 Ogasiti. Chaka chotsatira William adagonjetsa James pamtsinje wa Boyne, kumene Walker adafera.

Umboni woti Lundy adagulitsa mzinda kwa James sudapezeke. Adamugwira ku Scotland, adamutsekera m'ndende ya Tower of London, aphungu adamufunsa mafunso, koma sadamupeze ndi mlandu woukira mfumu. Patapita zaka adatumikiranso ku Portugal pankhondo yolimbana ndi France, yemwe adali bwenzi la James. Olemba mbiri ambiri masiku ano amamuona ngati msilikali amene adawerengera chakudya, onga ndi kulimba kwa linga, n'kupeza kuti kukana kugonja n'kuphetsa anthu pachabe. Adalakwitsa kawerengedwe kake, ndipo mwina adachita mantha. Koma m'chikumbukiro cha Apulotesitanti kufooka ndi chiwembu zidasanduka chinthu chimodzi, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya mwambowu. Sumachenjeza za munthu wolandira ndalama kwa mdani yekha, umachenjeza za mtsogoleri aliyense amene anganene kuti nthawi yokambirana yakwana.

Choncho nkhani ya kuzingidwa idasiya anthu atatu oti mibadwo yotsatira izidzawazindikira m'nthawi yake: mdani ali kunja kwa linga, mthirakuwiri ali m'kati, ndi bwenzi la ku England limene limabwera mochedwa. Mdani wakunja saopsa kwambiri, chifukwa linga lidamukanika. Oopsa ndi awiri enawo.

Umodzi wa m'kati mwa linga sudali wolimba monga mmene zikumbutso zimauonetsera. Walker atasindikiza buku lake lofotokoza za kuzingidwaku mu 1689, m'busa wa Presbyterian John Mackenzie adalemba lake chaka chotsatira, kumutsutsa kuti adadzikweza ndi kubisa ntchito ya a Presbyterian, amene adali ochuluka pakati pa omenya nkhondo. Mu 1704 lamulo lidakhazikitsa kuti wogwira udindo wa boma azilandira mgonero mumpingo wa Anglican, ndipo a Presbyterian ambiri a m'khonsolo ya Londonderry adachotsedwa pamaudindo awo mumzinda umene iwo adauteteza. Masauzande adasamukira ku America. Mu 1798 a Presbyterian a ku Antrim ndi Down adanyamula zida pamodzi ndi Akatolika m'gulu la United Irishmen kuukira ulamuliro wa Britain, ndipo mtsogoleri wawo Henry Joy McCracken adanyongedwa ku Belfast. Kunena kuti Mpulotesitanti wa ku Ulster ndi wa Britain mwachibadwa n'kulakwa. Maganizowo adaumbidwa m'zaka za m'ma 1800, Ireland atalumikizidwa ndi Britain mu 1801 ndipo Akatolika atayamba kupeza mphamvu pa ndale.

Mwambo wotentha chidole nawo udasintha tanthauzo. Mbiri yoyamba yodziwika ya kutentha Lundy ndi ya mu 1788, pokumbukira zaka 100 chitsekereni zipata, ndipo pazikondwerero za nthawi imeneyo bishopu wa Katolika ndi ansembe ake adaguba nawo, poti nkhaniyo inkaonedwa ngati kupambana kwa ufulu pa mfumu yankhanza. Kalabu ya Apprentice Boys idakhazikitsidwa mu 1814. Pofika mu 1828 chipilala chachitali cha Walker chidali chitaimikidwa palinga moyang'ana kumunsi ku Bogside, dera la Akatolika osauka, ndipo chidole chidayamba kupachikidwa pamenepo. Kuchokera apo mwambowo udakhala wa mbali imodzi. Lero bungweli lili ndi makalabu akuluakulu 8, ambiri otchedwa maina a ngwazi za 1689 monga Walker, Baker, Murray, Mitchelburne ndi Browning, komanso nthambi ku Scotland, England ndi Canada. Koma munthu salowa bungweli kwina kulikonse kupatula m'kati mwa linga.

Dzina la Lundy lidalowa m'ndale zenizeni pamene nduna yaikulu William Gladstone adabweretsa mu 1886 bilu yopatsa Ireland nyumba yakeyake ya malamulo. Apulotesitanti adali ochepa pachilumba chonse koma ochuluka kumpoto chakum'mawa, kumene mafakitale a nsalu ndi a zombo a ku Belfast ankadalira misika ya ufumu wa Britain. Ankaopa kuti boma la ku Dublin lidzamvera mabishopu a Katolika. Bilu yachitatu itafika poti ingadutse, pa 28 Seputembala 1912 amuna 237,368 adasaina pangano lotchedwa Ulster Covenant, ndipo akazi 234,046 adasaina chikalata chofanana nalo. Adalemba kuti ndi anthu okhulupirika a Mfumu George V, ndipo m'chikalata chomwecho adalonjeza kugwiritsa ntchito njira iliyonse yofunika kulepheretsa lamulo limene mfumuyo ikadasaina. Motsogozedwa ndi Edward Carson ndi James Craig adakhazikitsa gulu lankhondo la Ulster Volunteer Force, ndipo mu Epulo 1914 adalowetsa mozemba mfuti pafupifupi 25,000 zogula ku Germany, zambiri kudzera padoko la Larne.

Kwa Mngelezi izi zinkaoneka zosamveka: okhulupirika akukonzekera kuwombera asilikali a mfumu. Wolemba mbiri David Miller, m'buku lake la 1978 lotchedwa Queen's Rebels, adafotokoza kuti kukhulupirika kwa anthuwa n'kwa pangano. Makolo awo a ku Scotland adasaina mapangano otere mu 1638 ndi 1643, pokhulupirira kuti wolamulira ndi olamulidwa ali ndi mangawa wina kwa mnzake pamaso pa Mulungu. Amakhulupirika kwa mfumu malinga mfumuyo ikhale Mpulotesitanti ndipo iwateteze. Kwa nduna ndi aphungu a ku London alibe nawo lumbiro lotere. Boma likaphwanya mbali yake, iwo amadziona omasuka kulikana, ndipo pokanapo amati ndiwo akusunga pangano.

Pa 1 Julaye 1916 gulu la 36th Ulster Division lidalowa nkhondo ya ku Somme ku France, ndipo m'masiku awiri anthu ake oposa 5,000 adaphedwa, kuvulala kapena kusowa. Kwa Apulotesitanti magazi amenewo adali malipiro a mbali yawo ya pangano. Chilumba chitagawidwa ndi lamulo la 1920, adapeza boma lawolawo la Northern Ireland, koma la madera 6 mwa madera 9 a Ulster. Atsogoleri a ku Belfast adasiya dala Donegal, Cavan ndi Monaghan chifukwa kudali Akatolika ambiri amene akadachepetsa mphamvu zawo pachisankho. Apulotesitanti a m'madera atatuwo adasaina nawo pangano la 1912, ndipo amene adawataya sadali Angerezi koma abale awo. Carson, yemwe kwawo kudali ku Dublin, adadandaula m'nyumba ya House of Lords mu Disembala 1921 kuti iye ndi Ulster adangogwiritsidwa ntchito ngati zidole kuti chipani cha Conservative chilowe m'boma.

Kwa zaka 50 chipani cha Ulster Unionist Party chidalamulira chokha, ndipo chidaona Akatolika, amene adali gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu, ngati osakhulupirika ofunika kuwayang'anitsitsa. Ku Londonderry malire a mawodi adadulidwa mochenjera: m'zaka za m'ma 1960 ovota Achikatolika oposa 14,000 ankasankha makhansala 8, pamene ovota ena osakwana 9,000 ankasankha 12. Nyumba za khonsolo ndi ntchito zinkagawidwa motsata mzere womwewo. Kukayikira London nako kudali ndi pogwira. Mu Juni 1940 boma la Winston Churchill lidauza mtsogoleri wa ku Dublin, Éamon de Valera, kuti livomereza mfundo yogwirizanitsa Ireland akalowa nawo nkhondo yolimbana ndi Germany. De Valera adakana, koma Craig, amene panthawiyo adali nduna yaikulu ya Northern Ireland, atamva adatumiza telegalamu ku London yotcha zimenezo chiwembu.

Nduna yaikulu ya Northern Ireland yoyamba kutchedwa Lundy mosalekeza idali Terence O'Neill. Mlandu wake udali kuyendera masukulu a Katolika ndi kulandira mtsogoleri wa ku Dublin, Seán Lemass, ku Stormont, likulu la boma lake, mu Januwale 1965 osauza nduna zake zambiri. Amene adatsogolera kumunyoza adali m'busa Ian Paisley, yemwe adayambitsa mpingo wa Free Presbyterian mu 1951. O'Neill adatula pansi udindo mu Epulo 1969. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, perete wa Apprentice Boys akudutsa m'mphepete mwa Bogside, kugendana kudabuka, kudakula kukhala nkhondo ya masiku atatu pakati pa anthu a m'deralo ndi apolisi, ndipo pa 14 Ogasiti asilikali a Britain adatumizidwa m'misewu. Ziwawa zimene zidatsatira zidapha anthu oposa 3,500. Mu 1973 gulu la zida la IRA, lofuna kugwirizanitsa Ireland, lidaphulitsa chipilala cha Walker.

M'zaka zimenezo mantha adali ndi chifukwa chooneka. Ku Kingsmill mu Januwale 1976 zigawenga zidaimitsa minibasi ya antchito, zidapatula Mkatolika mmodzi n'kupha Apulotesitanti 10. Ku Enniskillen mu 1987 bomba la IRA lidapha anthu 11 pamwambo wokumbukira ofera kunkhondo. Magulu a zida a Apulotesitanti nawo adapha Akatolika mazanamazana osalakwa, monga anthu 15 a m'bala ya McGurk's ku Belfast mu 1971. Pakati pa imfa zoterezi aliyense wolankhula za kugawana mphamvu ankaoneka ngati akutsegula chipata. Mtsogoleri wa Ulster Unionist Party, Brian Faulkner, adavomera ku Sunningdale mu Disembala 1973 kulamulira pamodzi ndi chipani cha Akatolika cha SDLP. Mu Meyi 1974 antchito Achipulotesitanti adanyanyala ntchito masabata awiri, magetsi n'kuchepa, misewu n'kutsekedwa, ndipo bomalo lidagwa. Nduna yaikulu ya Britain Harold Wilson itawanena pa wailesi ya kanema kuti amangodyera misonkho ya Britain, ambiri adamva chimene ankachiganizira kale, choti anthu amene iwo amawafera amawaona ngati katundu wolemetsa.

Chowawa kwambiri chidachitika pa 15 Novembala 1985. Nduna yaikulu ya Britain Margaret Thatcher, amene IRA idafuna kumupha ku Brighton chaka chapitacho ndipo Apulotesitanti ankamudalira, adasaina ndi mtsogoleri wa ku Dublin, Garret FitzGerald, mgwirizano wopatsa Dublin mwayi wopereka maganizo pa kayendetsedwe ka Northern Ireland, atsogoleri a Apulotesitanti osafunsidwa n'komwe. Anthu oposa 100,000 adasonkhana pa City Hall ku Belfast, aphungu 15 adatula pansi maudindo, ndipo chidole cha Thatcher chidatenthedwa. Apolisi a RUC, omwe ambiri adali Apulotesitanti, atayamba kuletsa zionetsero, nyumba zawo mazana angapo zidagendedwa kapena kuponyeredwa mabomba a petulo ndi anthu a mbali yawo yomwe. Mgwirizanowo sudagwe. Mu 1990 nduna ya boma la ku London Peter Brooke adanena poyera kuti Britain alibe phindu lakelake la zachitetezo kapena zachuma limene akulisunga ku Northern Ireland. Mawuwa adalankhulira IRA kuti isiye nkhondo, koma Apulotesitanti adawamva ngati chidziwitso choti mwini nyumba sakuifunanso nyumbayo.

David Trimble, mtsogoleri wa Ulster Unionist Party panthawiyo, adasaina mgwirizano wa mtendere wa pa 10 Epulo 1998, umene ovota 71 mwa 100 alionse adauvomereza, ngakhale kuti pakati pa Apulotesitanti ovomera adangoposa pang'ono okana. Adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi John Hume wa SDLP, koma kwawo ankamukuwiza kuti Lundy, makamaka akaidi a IRA atatulutsidwa zida zisadaperekedwe. Mu 2005 adataya mpando wake wa uphungu ndipo chipani cha Paisley cha DUP chidali chitatenga kale utsogoleri wa Apulotesitanti. Patangopita zaka ziwiri, pa 8 Meyi 2007, Paisley yemweyo adalowa m'boma ndi Martin McGuinness, amene kale adali mtsogoleri wa IRA ku Derry. Dzina limene adaligwiritsa ntchito zaka 40 lidamubwerera. Adasiya utsogoleri wa mpingo umene adauyambitsa, Jim Allister adachoka n'kuyambitsa chipani cha TUV, ndipo mu 2008 Paisley adatula pansi udindo.

Mndandanda wa O'Neill, Faulkner, Trimble ndi Paisley ukuonetsa mmene dzinali limagwirira ntchito. Wolitchula safunika kutsutsa mfundo za mnzake. Amangomuchotsa m'gulu la oyenera kumvedwa. Limakweza munthu amene ali kunja kwa boma, ndipo limamudikira tsiku limene adzalowe m'boma n'kupeza kuti kulamulira anthu ogawanika kumafuna kukambirana. Lakhudzanso anthu wamba: m'busa wopita ku maliro a Mkatolika, wolemba masewero wodzudzula mbali yake, kapena wokwatira kutsidya. Wolemba nkhani Susan McKay, Mpulotesitanti wa ku Derry, ndi mmodzi mwa amene adalilandira dzinali mwadala, ponena kuti kukayika ndi kufunsa mafunso nakonso ndi mwambo wa Apulotesitanti.

Ku Londonderry kwenikweniko zinthu zidayenda mwina. Panthawi ya ziwawa Apulotesitanti masauzande adachoka kutsidya la kumadzulo kwa Foyle, kumene kuli linga, n'kusamukira ku Waterside ndi kumidzi. Kudatsala kadera kamodzi ka Fountain, kokhala ndi anthu mazana ochepa kuseri kwa mpanda wachitetezo, ndipo pakhoma lake padalembedwa kuti akadazingidwabe. Mu 1984 khonsolo idasintha dzina kukhala ya Derry. Pokhala ochepa mumzinda wa Akatolika ambiri, a Apprentice Boys adachita chimene mabungwe ena oguba ankachikana: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adakhala pansi ndi oimira anthu a ku Bogside, amalonda a mumzinda ali ankhoswe. Adagwirizana za njira ndi nthawi, adasuntha mwambo wa Disembala kuti usasokoneze malonda a Khirisimasi, adayambitsa chikondwerero cha Maiden City Festival, ndipo adatsegula nyumba yosungira mbiri ya kuzingidwa imene ana a sukulu a mbali zonse amaiyendera.

Kutuluka kwa Britain mu European Union kudadzutsanso nkhani yakale ya bwenzi losadalirika. DUP idachirikiza kutulukako mu 2016, ngakhale ovota 56 mwa 100 alionse ku Northern Ireland adafuna kukhalabe. Mu Novembala 2018 Boris Johnson adauza msonkhano wa chipanicho kuti boma la Conservative silingavomere malire a kasitomu pakati pa Britain ndi Northern Ireland. Chisadathe chaka, ali nduna yaikulu, adavomera zomwezo. Mu 2021 DUP idachotsa mtsogoleri wake Arlene Foster, ndipo womulowa m'malo, Edwin Poots, adalengeza kutula pansi patangotha masabata atatu. Kalembera wa chaka chomwecho adapeza koyamba kuti anthu obadwira m'mabanja Achikatolika, 45.7 peresenti, aposa a m'mabanja Achipulotesitanti, 43.5 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2024 Michelle O'Neill wa chipani cha Sinn Féin, chofuna kugwirizanitsa Ireland, adakhala nduna yotsogolera boma la Northern Ireland. Ziwerengerozi sizikutanthauza kuti ambiri akufuna kugwirizana ndi Dublin, popeza Akatolika ena amakonda mmene zinthu zilili ndipo anthu osadzitchula mbali iliyonse akuchuluka. Malinga ndi mgwirizano wa 1998, Northern Ireland ikhalabe mu United Kingdom mpaka ambiri atavota mwina, ndipo mphamvu yoitanitsa referendamu yoteroyo ili m'manja mwa nduna ya boma la ku London.